Buku la Kapitawo

Liwu lakuti kapitawo linabwera ndi Apwitikizi. M'cilankhulo cawo capitão ndi mtsogoleri wa asilikali kapena wa gulu la anthu apaulendo. Linakwera ndi mtsinje wa Zambezi kucokera ku Tete n'kufika ku Zumbo ndi ku Feira, kumene lero timati Luangwa, lili m'kamwa mwa amalonda a minyanga ndi Acikunda awo. Pamene Angelezi anafika analipeza lilipo kale, ndipo anapatsa dzinali munthu wakuda aliyense amene anamuika pamwamba pa akuda anzake: woyang'anira amtengatenga, woyang'anira olambula msewu, woyang'anira olima fodya.

Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sukulu ina ya sekondale muno mu Lusaka. Caka ciliconse ndimafunsa ana a Giredi 12 nchito imene akufuna. Udokotala, uloya, unesi, za makompyuta, zonsezi ndimazimva. Kuyang'anira anchito pafamu, m'nkhalango kapena panyanja sindinamvepo. Koma ena mwa iwo adzathera komweko, cifukwa maofesi a mu Cairo Road sangatimeze tonse, pamene mafamu a ku Mkushi, minda ya nzimbe ya ku Mazabuka, nkhalango za paini za ku Copperbelt ndi makheji a nsomba a ku Siavonga amafuna anthu odziwa kuwerenga, kulemba ndi kutsogolera anzawo. Nchito imeneyi ili ndi mbiri, ndipo ndi mbiri imene silabasi yathu imaidumpha. Timaphunzitsa za abwanamkubwa, za mafumu ndi za andale, koma munthu amene agogo athu ambiri anali kumuona m'mawa uliwonse, amene anali kugamula ngati tsiku lawo la thukuta liwerengedwa kapena ayi, sitimuchula. Anthu amakumbukira cikoti cake. Ine ndiona kuti cida cake cacikulu cinali buku ndi pensulo.

Buku lisanabwere

Kuyang'anira nchito kunalipo azungu asanafike. Kwa Acewa, munthu akafuna thandizo m'munda anali kufulula mowa n'kuitana dima. Mwini munda ndiye anali kugawa ndime, koma nayenso anali ndi khasu m'manja, ndipo anali kudziwa kuti mawa akalima kwa mnzake. Mitengo ya kumanda sinali kudulidwa wamba. Ku Bulozi nduna za Litunga zinali kuyang'anira nkhalango ndi maiwe a nsomba, ndipo ku Luapula kunali eni madambo amene anali kunena nthawi yoyamba kupha nsomba. Sikuti kunali mtendere wokhawokha. Kunali ukapolo, kunalinso kulimira mfumu mokakamizidwa. Koma kawirikawiri woyang'anira anali munthu wa pomwepo, wodya zimene ena akudya, woti akacita nkhanza mlandu wake ukambidwa pabwalo. Cimene cinadzasintha ndi ici: woyang'anira watsopano anali kuyankha kwa munthu mmodzi yekha, womulipira.

Fodya wa ku Fort Jameson

Mu Januwale 1898 asilikali a Angelezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni. Mwana wake Nsingu anaomberedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Kampani ya North Charterland Exploration inatenga malo okwana masikweya mailosi 10,000, ponena kuti Mjeremani wina, Carl Wiese, anawalandira kwa Mpezeni. Tauni ya Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inamangidwa pakati pa malo amenewo. Kenaka kunabwera msonkho wa nyumba, masheleni atatu pacaka. Munthu amene anali ndi nkhokwe yodzaza koma wopanda ndalama anasanduka wamlandu. Njira zinali ziwiri: kuyenda wapansi milungu ingapo kupita ku Southern Rhodesia, kapena kukalembedwa pafamu ya mzungu wapafupi.

Mbewu imene inalemeretsa Fort Jameson kwa kanthawi inali fodya wa Virginia, woumitsa ndi moto m'mabalani. M'zaka za m'ma 1920 mafamu anaculuka, kufikira mtengo wa fodya utagwa mu 1928 ndipo alimi ambiri acizungu anasiya. Fodya ndi mbewu yofuna manja ambiri ndi diso losagona: kuthirira nazale, kuokera mvula ikagwa, kupalira, kudula nsonga, kuthyola masamba akakhwima, kuwamanga pandodo, kusonkhezera moto usana ndi usiku kwa masiku angapo, kenaka kusankha magiredi. Mzungu mmodzi, wosadziwa bwino Cinyanja kapena Cinsenga, sakanatha kuyang'anira khamu la anthu lotere. Anafunikira kapitawo.

Kapitawo anali kufunika kudziwako kuwerenga ndi kulemba, n'cifukwa cake ambiri anali ana a sukulu za mishoni, ena ocokera ku Nyasaland. Anali kufunikanso kumva cilankhulo ca bwana. Kukhala mlendo kunali ndi phindu lake kwa bwanayo: mlendo sacita manyazi polamula amalume a munthu wina.

Malipiro anali kuyendera tikiti. Wanchito aliyense anali ndi kakhadi ka mabokosi 30. M'mawa kapitawo anali kupima ndime. Madzulo anali kuika cizindikiro m'bokosi limodzi ngati ndimeyo yatha. Ikapanda kutha, tsikulo linali lopita pacabe. Tsiku la Sabata silinali kuwerengedwa, tsiku lodwala silinali kuwerengedwa, conco "mwezi" umodzi wa tikiti unali kutenga milungu isanu, isanu ndi umodzi, nthawi zina kuposa. Ndalama inali kubwera tikiti ikadzaza basi. Pambali pake panali posho: ufa, nyemba ndi mcere, zopimidwa pamaso pa kapitawo yemweyo. Wothawa tikiti isanadzaze anali kutaya masiku onse amene anagwira, ndipo pa malamulo a nthawi imeneyo a bwana ndi wanchito, kusiya nchito popanda cilolezo unali mlandu woti munthu amangidwe.

Taganizirani mphamvu imene inali m'pensulo imeneyo. Cikoti cimapweteka lero, mawa cilonda cipola. Tsiku losalembedwa ndi msonkho wosalipidwa, ndi bulangeti losagulidwa. Ambuya anga anasankhapo fodya ali mtsikana pafamu ina kufupi ndi Chipata m'zaka za m'ma 1950, fodya atayambanso kugulidwa bwino nkhondo itatha. Anali kukamba za akapitawo awiri. Woyamba anali kupima ndime ndi mapazi aatali kwa amene wadana naye, aafupi kwa amene wamubweretsera nkhuku. Atsikana anali kumuopa pa cifukwa cina cimene ambuya sanali kucichula poyera. Waciwiri anali waukali pakamwa, koma mayi wa mwana wodwala akatsala ndi mizere iwiri, anali kuitana anyamata kuti amalize, n'kulemba tsikulo. Onse awiri anali pansi pa bwana mmodzi ndi lamulo limodzi. Ambuya anaiwala dzina la mzunguyo, koma maina a akapitawo awiriwo anamwalira akuwakumbukira.

Nayenso kapitawo sanali mfulu. Malipiro ake anali okwererako pang'ono, koma anali kugona m'komboni pamodzi ndi anthu amene anali kuwalamula, ndipo balani ikapsa kapena anthu akathawa, mbama yoyamba inali yake. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Kukhonde kwa bwana anali "boyi", kukomboni anali maso a bwana, woti akafika pamowa nkhani zimasintha.

Liwu lakuti komboni nalonso likukumbutsa zomwezi, pakuti poyamba linali kutanthauza malo ogona anchito a bwana mmodzi. Inu okhala mu John Laing, John Howard, George kapena Marrapodi, maina amenewa ndi a azungu. Lusaka itakhala likulu mu 1935, anthu odzafuna nchito anali kumanga tinyumba pa mafamu ndi pa makwale a miyala a anthu otere, makomboni n'kumakula mpaka kukhala mmene tiwadziwira lero. Conco mbiri ya kapitawo imatikhudza ngakhale ife obadwira m'tauni.

Mlangizi kapena wapolisi?

Mtundu waciwiri wa woyang'anira unabwera ndi boma. Malo abwino atatengedwa, anthu a Kum'mawa anapanikizidwa m'malo ocepa ochedwa marizevu. Nthaka inaguga, mvula n'kumaikokolola. Mu 1941 boma linagula gawo lalikulu la malo a North Charterland n'kuyamba kusamutsirako midzi, koma ndi malamulo: kukumba migula yochinga madzi ndi kulima mizere yopingasa malo otsetsereka. Oonetsetsa kuti zacitika anali anyamata ophunzitsidwa zaulimi, oyenda ndi cingwe, cipangizo copimira kutsetsereka kwa malo, ndi buku. Amene sanakumbe migula anali kulembedwa, kapaso n'kumutengera kukhoti la mfumu kukalipira faindi.

Nzeru ya migula sinali yoipa, ndipo mpaka lero alimi amaphunzitsidwa zofanana nazo. Koma inabwera ndi anthu omwe aja analanda malo, ndipo kukumba kunali kugwa m'cilimwe, nthaka ili gwa, amuna ambiri ali kumigodi ndi kumafamu a kum'mwera, nchito n'kugwera akazi ndi nkhalamba. Conco pamene African National Congress ya Harry Nkumbula inali kulimbana ndi citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene cinayamba mu 1953, sinavutike kupeza omvera kumidzi. Mlimi sanali kumudziwa bwanamkubwa wa ku Lusaka. Utsamunda umene iye anali kuuona ndi maso unali mnyamata wa kabudula wa khaki woyeza munda wake.

Codabwitsa n'cakuti azungu ena a m'dipatimenti yomweyo ya zaulimi anali atazindikira kale kuti alimiwo sanali mbuli. Colin Trapnell anayenda dziko lino m'zaka za m'ma 1930 ndi kuciyambi kwa m'ma 1940 akufufuza nthaka ndi zomera, ndipo anapeza kuti alimi amadziwa mphamvu ya nthaka poona mitengo ndi udzu womera pamenepo. William Allan, amene anagwirako nchito yosamutsa midzi, analemba zofananazo m'buku lake la The African Husbandman la mu 1965. Nzeru zinali ndi oyang'aniridwa, mphamvu ili ndi oyang'anira. Mlangizi wabwino anali amene anadziwa kufunsa asanalamule.

Pa nthawi yomweyo sukulu zinayamba. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kunatsegulidwa sukulu ya zaulimi ku Monze ndi ya zankhalango ku Mwekera, kufupi ndi Kitwe. Apa mpamene kuyang'anira kunayamba kukhala nchito yophunzira, ya satifiketi, yosadalira kukondedwa ndi bwana. Koma denga linali lotsika: munthu wakuda anali kuthera pa udindo wa wothandizira, mipando yapamwamba inali ya azungu.

M'nkhalango

Kumpoto ca kumadzulo kwa Livingstone kuli nkhalango za mukusi, mtengo wolimba umene ciswe cimaulephera. Kampani ya Zambezi Saw Mills inaudula kwa zaka zambiri, kupanga masilipa a njanji ndi timatabwa toyala pansi m'nyumba. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920 inamanga njanji yakeyake, ya makilomita pafupifupi 160, yopita ku Mulobezi. Kumeneko kapitawo anali kuwerenga zipika m'malo mwa mizere.

Ku Copperbelt, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha, malasha a mwala ocokera ku Wankie sanali kukwanira, ndipo migodi inayamba kutentha nkhuni kuti ipange magetsi. Magulu a anthu anali m'chire ndi nkhwangwa, nchito yawo ikupimidwa pa milu ya nkhuni. Nkhalango zambiri za miombo zozungulira matauni a migodi zinathera m'ng'anjo zimenezo.

Boma nalo linali ndi alonda a nkhalango, oyenda wapansi kapena panjinga m'malire a nkhalango zotetezedwa. Anali kulambula njira zochinga moto, kutentha udzu msanga usanaumitsitse kuti moto wa mu Okutobala usaphe mitengo, ndi kugwira odula opanda cilolezo. Anthu sanali kuwakonda, pakuti nkhalango "ya boma" inali dzulo lake ya mudzi, yozulamo bowa, yofulamo uci, yokumbamo mankhwala. Titalandira ufulu boma linabzala paini ndi bulugamu wambiri ku Copperbelt, ndipo mu 1982 minda imeneyi inakhala kampani ya ZAFFICO, imene mpaka lero imafuna oyang'anira manazale, obzala, odulira nthambi ndi ozima moto.

M'zaka za m'ma 1990, pocepetsa anchito a boma, udindo wa mlonda wa nkhalango unathetsedwa. Zimene zinatsatira mumaziona pamsewu wa Great East kapena wa Mumbwa: matumba a malasha panjinga ndi pamalole, usana ndi usiku. Kenaka kunabwera mukula, zipika zake zonyamulidwa kupita ku China. Ciwerengero cimene cakhala cikuchulidwa kawirikawiri n'cakuti Zambia imataya mahekitala 250,000 mpaka 300,000 a nkhalango pacaka. Kucoka kwa alonda sindiko kokha kunacititsa zimenezi. Umphawi, kutsegula minda yatsopano ndi kuzimazima kwa magetsi zili pomwepo, ndipo mbaula zimene zimadya malashawo ndi zathu ife a m'komboni. Koma phunziro lilipo: woyang'anira wankhanza ndi tsoka, kusowa woyang'anira ndi tsokanso. Lamulo la nkhalango la mu 2015 likuyesa njira yacitatu, yolola anthu a m'mudzi kupanga gulu lovomerezeka loyang'anira nkhalango yawo ndi kupindula nayo. Kumeneku ndi kubwererako ku nzeru ya dima: woyang'anira woyankha kwa anthu amene akhala nawo.

Panyanja

Ku Luapula ndi ku nyanja ya Mweru kunali nsomba yochedwa mpumbu, imene inali kukwera mtsinje m'magulu aakulu pokaswana. Migodi ya ku Katanga ndi ku Copperbelt inali kufuna ndiwo zodyetsa anchito, amalonda anabwera ndi maukonde aakulu n'kumachinga nsombazo panjira, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1950 mpumbu inali itatsala pang'ono kutha. Boma la atsamunda linayankha ndi alonda a nsomba, malaisensi ndi malamulo a kukula kwa maso a ukonde. Asodzi wamba anaona kuti akulangidwa pa mlandu wa ena, ndipo nawonso anachera khutu kwa a Congress.

Kum'mwera nkhani inali ya Kariba. Damu linatsekedwa kumapeto kwa 1958, ndipo Atonga a m'cigwa ca Gwembe pafupifupi 57,000 anasamutsidwa mbali zonse ziwiri za mtsinje. Ku Sinazongwe kunatsegulidwa malo ophunzitsira usodzi wa maukonde ndi kukhoma maboti, kuti alimi otaya minda apeze pogwira. Mu 1967 ndi 1968 kapenta anatengedwa ku nyanja ya Tanganyika n'kuthiridwa mu Kariba. Anaswana, ndipo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980 usodzi wake wamalonda unayamba kumbali yathu.

Kapenta wa ku Siavonga amene mumagula mu Soweto Market amagwidwa usiku. Boti lacitsulo limaima pakati pa nyanja, nyali zowala zimaitana nsomba, ukonde wozungulira umatsitsidwa pansi n'kukwezedwa. Paboti pamakhala anthu ocepa, mmodzi ndiye mtsogoleri. Kukaca woyang'anira wa kumtunda amapima nsomba pasikelo n'kulemba, cifukwa malipiro ambiri amayendera makilo. Mwaizindikira tikiti ija? Yangosintha dzina. Asodzi akaona kuti sikelo ikuwadyera, ena amabwezera mwa kugulitsa kapenta pakati pa nyanja usiku kwa a timabwato, mwini boti n'kulemba alonda ena oti aziyang'anira oyang'anirawo. Kumene buku silikhulupirika, aliyense amayamba kukayikira mnzake.

M'madzi ambiri a dziko lino usodzi umatsekedwa kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane. Ofisala wa zausodzi amene amalanda neti ya udzudzu kwa bambo wa ana asanu wopha nayo nsomba waima pamalo omwe aja a mnyamata wa migula: lamulo lake ndi loona, njala ya munthuyo nayonso ndi yoona.

Ufulu utabwera

Pa 24 Okutobala 1964 dziko lino linali ndi anthu akuda a digiri pafupifupi 100 cabe. Mipando ya azungu inafunika eni ake mwamsanga. Natural Resources Development College inatsegulidwa mu Lusaka m'zaka zoyambirira za ufulu, University of Zambia mu 1966. Mu Januwale 1965, pamsonkhano wa ku Chifubu mu Ndola, Kenneth Kaunda anapempha anthu kupanga makopaletivu. Anapangidwa mazanamazana, boma linapereka ndalama zozulira zitsa ndi mathirakitala, koma ambiri anagwa pasanapite zaka zambiri. Cimodzi mwa zifukwa cinali cosavuta kumva: panalibe anthu okwanira odziwa kusunga mabuku ndi kugawa nchito ndi phindu mwacilungamo. Tinadana ndi kapitawo mpaka tinatsala pang'ono kuiwala kuti nchito ya anthu ambiri imafuna wina woilongosola.

M'zaka zomwezo minda ya nzimbe ya Nakambala inatsegulidwa ku Mazabuka. Caka ndi caka odula nzimbe, ambiri ocokera ku cigawo ca Kumadzulo, amabwera kudzagwira nyengo yokolola, ndipo pakati pa iwo ndi fakitale pali mzere wa oyang'anira, kuyambira mtsogoleri wa gulu mpaka manijala wa gawo, ambiri a iwo ana a makoleji athu omwewa.

Mlangizi wa boma anapatsidwa dera lake lochedwa kampu. Ca m'ma 1980 anali kuphunzitsa pulogalamu ya Lima, yopima munda ndi cingwe m'zigawo za kota ya hekitala ndi kuthira feteleza ndi kakapu kopimira. NAMBOARD itathetsedwa mu 1989, misika n'kumasulidwa pambuyo pa 1991, makampani a thonje anayamba kusankha alimi ena kuti azigawira anzawo mbewu ndi mankhwala pangongole, iwo n'kumalipidwa malinga ndi ngongole zimene zabwezedwa. Kuyambira mu 2002, pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo, imene tsopano timati FISP, inasandutsa mlangizi kukhala wosunga kaundula. M'madera ambiri mlangizi mmodzi ali ndi alimi opitirira 1,000, ndipo dzina limene walemba kapena kusiya limanena amene adzadzaza nkhokwe. Buku lija silinacoke. Lero lili pafoni ndi pakompyuta.

Casintha n'cakuti wanchito tsopano ali ndi poimira. Anchito a m'mafamu ali ndi bungwe lawo, NUPAAW. Lamulo la Employment Code la mu 2019 limakamba za mapangano a nchito, maola, chuthi ndi kucotsedwa nchito. Bwana ayenera kupereka za NAPSA, wopopera mankhwala ayenera kupatsidwa zodzitetezera. Akazi, amene kwa zaka zambirimbiri anali kupalira ndi kusankha fodya pansi pa amuna okhaokha, lero ena akuyang'anira mashedi a maluwa ndi ndiwo zamasamba, maiwe a nsomba ndi manazale. Koma lamulo lolembedwa mu Lusaka limafika pamunda kudzera mwa munthu mmodzi. Ngati woyang'anira salemba ovataimu, ovataimu kulibe.

Kwa inu amene mudzagwira pensulo

Njira zilipo: NRDC muno mu Lusaka, Zambia College of Agriculture ku Monze ndi ku Mpika, Zambia Forestry College ku Mwekera, sukulu ya zausodzi ya Kasaka ku Kafue, ndi madigiri ku UNZA, Copperbelt University ndi Mulungushi. Kawirikawiri amafuna kuti mukhoze bwino Cingelezi, masamu ndi sayansi pa Giredi 12. Ena amayamba ngati anchito wamba n'kukwera cifukwa ca kukhulupirika. Tayi muisiye kunyumba. Nchito yake ndi kudzuka kusanace, kugawa anthu, kuona mathirakitala, mapampu kapena mainjini, kusunga mankhwala, kuwerenga zimene zalowa ndi zimene zatuluka, kuweruza mikangano, ndi kulemba lipoti ena atagona, nthawi zambiri kumalo kumene netiweki imagwira ukakwera paculu.

Mudzafika kumeneko ndi dipuloma muli ndi zaka 23, n'kupatsidwa anthu 40, ena a msinkhu wa atate anu, odziwa nthaka ija kapena nyanja ija kuposa buku lililonse limene munawerenga. Pamwamba panu padzakhala bwana wofuna ziwerengero, kaya ndi wa kuno kwathu, kaya ndi wakunja, kaya ndi boma. Mbiri imene ndakambayi ikuonetsa kuti malo amenewo ndi opanikiza, ndipo sadzaleka kupanikiza. Simudzakhala ndi mphamvu yokweza malipiro a onse. Koma ndime mudzapima ndinu, sikelo mudzawerenga ndinu, dzina la mtsikana wodzafuna ganyu mudzalemba ndinu, ndipo mudzasankha nokha ngati alipira kanthu kuti alembedwe. Akuluakulu aja muziwati atate ndi amayi, ndipo muwafunse za mvula ya kumeneko musanatsegule notsi zanu za kukoleji. Ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Ndipo tsiku lililonse limene munthu wagwira, mulilembe.